Kawaya ka mu Indiketa ya Kumanja

Lole ija inafika ku galaja Lachinayi m'mawa, itagona masiku asanu ndi limodzi kupolisi. Poiyang'ana simukanadziwa kuti inatsala pang'ono kuchotsa moyo wa munthu. Bampala inangopindika pang'ono mbali ya kumanja, penti inasupuka m'munsi mwa chitseko, ndipo nyale ya indiketa inali lende pa mawaya awiri, chivundikiro chake chitasweka. Amakanika anati za bampala n'za tsiku limodzi. Za nyalezo anasiyira mmisiri wa zamagetsi, amene aliyense pagalajapo ankamutchula kuti Fyuzi, chifukwa munthu akabwera ndi galimoto, kaya yadwala chiyani, funso lake loyamba linali la fyuzi basi.

Fyuzi ankaidziwa bwino loleyo. Inali ya kampani yogulitsa simenti, ndipo amene anaiyendetsa kwa zaka zisanu ndi zinayi anali mlamu wake, mwamuna wa mlongo wake wamng'ono. Lachisanu lapitalo, cha m'ma thu koloko masana, mlamuyo ankakhotera kumanja kuti alowe pageti la malo ena amene ankamangapo nyumba. Nthawi yomweyo munthu wina wogulitsa buledi pa njinga yamoto ankafuna kumupitirira. Njinga inamenya ngodya ya kutsogolo kwa lole, munthu anagwera uko, buledi anamwazika msewu wonse. Wabulediyo anathyoka ntchafu ndi chiuno, ndipo anali akadali m'chipatala.

Nkhani yonse inagona pa funso limodzi: kodi dalaivala anayatsa indiketa? Kupolisi iye anati anayatsa. Mlonda wa pagetipo anati anaiona ikuphethira. Mayi wina wogulitsa zipatso kutsidya la msewu anati sanaone kanthu, lole inangokhota. Kampani inamuuza dalaivalayo kuti ayambe wakhala kunyumba mpaka mlandu utatha.

Fyuzi anamasula nyaleyo pang'onopang'ono. Babu la mkati linali litasweka galasi, koma tsinde lake linali bwinobwino, ndipo pakati pa timiyendo tiwiri ta chitsulo panali patatsala kanthu kena kopyapyala. Atangoona zimenezo anatembenuza nkhope. Anachotsa babulo mongopapasa, n'kuliika m'kabokosi ka machesi momwe anayalamo thonje, n'kukaponya m'dilowa ya tebulo lake. Kenako anaika nyale yatsopano, anaiyesa, inaphethira bwino, lole inapita.

Kabokosiko sanakatsegule. Ali wamng'ono anagwirapo ntchito pa galaja ina imene ankakokerako magalimoto angozi, ndipo kunkabwera mkulu wina woyeza magalimoto amene sankalabadira zitsulo zopindika, ankangofuna mababu. Mkuluyo ndi amene anamuphunzitsa kuti babu limasunga mmene linalili pa nthawi imene linamenyedwa. Kwa zaka zambiri luso limeneli linali longosangalatsa nalo anthu pocheza. Tsopano linamulemera, chifukwa ankadziwa kuti akangoyang'ana, chimene aone sichidzachokanso m'mutu mwake.

Mawa lake masana mlongo wake anatulukira pagalaja. Anali telala, ndipo anabwera tepi yoyezera ikadali m'khosi. Anakana mpando.

"Achimwene, alamu anu sakudya. Akungokhala pakhonde kuyang'ana mpanda. Dzulo mwana wawafunsa masamu, amuyankha patapita theka la ola, mwana atachoka kale."

"Ndi mtima, chemwali. Munthu wagunda munthu."

"Ndamva kuti lole inabwera kuno."

"Inabwera, yapita."

"Nanga babu lija?"

Fyuzi anayamba kupukuta m'manja ndi sanza ngakhale munalibe girisi.

"Musandinamize," anatero mlongoyo. "Si inu munkatitopetsa nazo pa ukwati wa msuweni wathu, anthu akufuna kuvina inu muli pa nkhani ya mababu? Ndikudziwa kuti mwalisunga. Mwaliona?"

"Sindinalione."

"Ndiye mverani. Mukaliona, likanena zabwino, mukapereke kupolisi. Likanena zoipa, dzala lili apo. Ndili ndi ana atatu ine."

"Nanga wathyoka chiuno uja alibe ana?"

Mlongoyo anamuyang'ana kwa nthawi, maso atafiira. "Amenewo ali ndi achimwene awo," anatero, n'kutembenuka kumapita.

Dalaivala mwiniwake anabwera Lolemba, nthawi imene amakanika anali atapita kukadya. Anali munthu wamkulu thupi, wanthabwala, amene masiku onse polowa pagalaja ankayamba ndi kunyoza dazi la mlamu wake. Tsiku limeneli anangokhala pa tayala lakutha pafupi ndi tebulo, chipewa chili m'manja.

"Lero dazi langa mwalikhululukira, alamu?" anafunsa Fyuzi.

Dalaivala anamwetulira pang'ono, koma kumwetulirako sikunakhalitse. "Mlongo wanu wandiuza zimene anakuuzani. Musamumvere."

"Sindinamumverepo chibadwire chake."

"Alamu, kupolisi ndinati ndinayatsa. Ndinanena choncho chifukwa ndimayatsa nthawi zonse, dzanja limangopita lokha. Koma zoona zake n'zakuti sindikudziwa. Ndayesa kukumbukira mpaka mutu kuwawa. Ndikatseka maso ndimaona dzanja likugunda kandodo kaja, koma sindidziwa ngati ndikuona za tsikulo kapena za masiku ena onse. Mwina mlonda uja akungondikomera mtima poti ndinkamupatsa moni. Ndikufuna ndidziwe."

"Likanena kuti simunayatse?"

"Ndidziwebe."

Fyuzi anapukusa mutu, kenako anasesa zomangira ndi zidutswa za waya pa tebulo. "Ndiye sindikuuzani ine. Mudzaona nokha, kuti mawa musamati mlamu anandinyengerera. Koma muyambe mwadziwa chimene mukuyang'ana. Sunthani kuno."

Anatenga babu latsopano n'kulikweza pa kuwala kwa pakhomo. "Mwayendetsa galimoto zaka zonsezi, munayamba mwasuzumira mkati umu?"

"Likapsa ndimabwera kwa inu."

"Ndi chifukwa chake. Taonani pakatipo."

Dalaivala anatsinzina diso limodzi. Pakati pa timiyendo tiwiri panali kawaya kowonda ngati tsitsi, kopotedwa mozungulirazungulira ngati kasipuling'i, mizere yake yotalikirana mofanana.

"Babu lonse ndi kameneko," anatero Fyuzi. "Zinazi ndi nyumba yake chabe. Magetsi akachoka ku batire amayenda mu waya wonenepa, njira yotakasuka, sipachitika kanthu. Akafika apa njira yapanikiza. Adutsa ndithu, koma movutikira, ndipo kuvutikako ndi kumene kumatenthetsa kawayaka. Mukudziwa mmene pamakhalira pageti la bwalo la mpira anthu akamakankhana, thukuta lake?"

Analumikiza babulo ku makina otchajira mabatire, aja okhala ndi kopotokola kowonjezera mphamvu. Anapotokola pang'ono. Poyamba sipanaoneke kanthu. Kenako kawayako kanayamba kufiira ngati khala lobisala m'phulusa. Anawonjezera, kanasanduka kachikasu. Atafikitsa kumapeto kanayera mbee, moti dalaivala anaphethira n'kuyang'ana kumbali.

"Palibe moto umene ukuyaka umu," anatero Fyuzi. "Ndi kutentha basi. Chinthu chilichonse mukachitenthetsa kwambiri chimawala. Mwaona chitsulo kwa owotcherera aja, chimafiira kaye, kenako chimayera. Kusiyana kwake n'kwakuti zitsulo zambiri zikafika pamenepa zasungunuka kale. Aka n'kachitsulo kouma mutu, amakatcha tangisiteni. Bweretsani chala pafupi."

Dalaivala anabweretsa, n'kuchibweza msanga.

"Mwaona? Mphamvu yambiri ikungothera kutenthako. Kuwala kumene timafuna ife n'kagawo kochepa, ngati nyenyeswa."

"Nanga bwanji sikapserera?"

"Funso labwino, ndimayesa mutu uwu ndi wonyamulira chipewa chokha. Sikapsa chifukwa m'galasimu mulibe mpweya uwu tikupumawu. Anauchotsa, n'kuikamo wina wosagwirizana ndi moto. Mpweya wakunja ukangokakhudza kali kotentha chonchi, kamatha nthawi yomweyo. Dikirani muone."

Anazimitsa makina, anatenga babu lina lozizira, analikulunga m'sanza n'kulifinya ndi pulayala mpaka galasi linati phwa. Atafunyulula, kawaya kanali bwinobwino, konyezimira, mizere yake yosasokonekera.

"Ili lasweka lili lozima. Lisungeni m'maso."

Kenako anayatsanso loyamba lija, analisiya liyere, n'kuligogoda ndi sipanala. Galasi linasweka, kunatuluka kautsi koyera, kuwala kunangoti thii kamodzi n'kuzima. Atalichotsa, kawaya kanali katada, katatambasuka mbali imodzi, ndipo pa timiyendo tija panali fumbi loyera mopita kuchikasu.

"Chitsulo chotentha chimafewa," anatero Fyuzi, mawu atatsika. "Chikamenyedwa chimatambasuka, sichithyoka mwaukhondo ngati chozizira. Fumbi ili ndi kumene kapsa ndi mpweya. Nthawi zina timagalasi tating'ono timagwera pa kawaya n'kusungunukirapo. Chozizira sichingasungunule galasi."

Anaika mababu awiriwo pa pepala loyera, lozima kumanzere, loyaka kumanja. Anatsegula dilowa, anatulutsa kabokosi ka machesi ndi galasi lokulitsira zinthu, n'kuziika patsogolo pa mlamu wake. Iye anapita kukaima pakhomo, nkhope italoza kumsewu.

Kunja kunadutsa ngolo ya makala, kenako basi. Wina ankakhoma chitsulo kuseri kwa galaja. Fyuzi anamva kabokosi kakutseguka, kenako zii.

"Alamu," anaitana dalaivala patapita nthawi. "Tabwerani. Sindikuona bwino."

Fyuzi anabwera n'kutenga galasilo. Kawaya kanali katatambasuka mpaka mizere yake inaoneka ngati ya sipuling'i yokokedwa ndi mwana. Kanali kakuda. Fumbi lachikasu linali pa kamwendo kamodzi, ndipo chakumapeto kunali kadontho ka galasi kowala, kozungulira bwino, katamatirira.

"Linali loyaka," anatero. Anakhala pa benchi. "Alamu, linali loyaka! Munayatsa."

Dalaivala sanadumphe, sanaseke. Anatenganso galasi n'kuyang'ana kachiwiri, nthawi yaitali.

"Linayaka liti?"

"Mukuti bwanji?"

"Ndikuti linayamba kuyaka liti? Ndili kutali ndi geti, kapena nditayamba kale kukhota?"

Fyuzi anaweramira pa tebulo. Anayang'ana kawaya kaja ngati kangawonjezere mawu ena.

"Zimenezo sikanena," anavomera. "Kawaya kotere kamatentha msanga, kamazizira msanga. Kakungotiuza kuti pa nthawi imene njinga inamenya, kanali kotentha. Kaya kanaphethira kamodzi kaya makumi awiri, kangaoneke chimodzimodzi."

Dalaivala anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Geti lija ndinali ndisanalowepo chiyambire. Ndinkaliyang'ana kutsogolo, ndimayesa ndi lachiwiri. Ndinalizindikira nditafika kale pafupi. Chimenecho ndiye ndikuchikumbukira bwino, ndipo kupolisi sindinachinene, poti sanandifunse." Anapukuta nkhope ndi chipewa. "Munthu ukazindikira mochedwa, dzanja lina limagunda indiketa, lina likupotokola kale chiwongolero."

"Simukudziwa kuti zinatero."

"Sindikudziwa. Komanso sindikudziwa kuti sizinatero. Pagalasi loonera kumbuyo ndinayang'ana? Babu lanu lingandiuze?"

"Ayi."

Amakanika anayamba kubwerera, akukangana za mpira. Dalaivala anatseka kabokosi mosamala n'kukaika m'thumba la malaya.

"Mawa mundiperekeze kuchipatala," anatero. "Ndekha ndikabwerera pakhomo."

Anapita nthawi yoonera odwala, dzuwa litapendeka. Wabuledi anali pa bedi lachitatu kuchokera pazenera, mwendo uli m'mwamba, utakokedwa ndi zingwe ndi chitsulo cholemera. Anali munthu wochepa thupi, wa imvi zoyamba kumene. Mkazi wake anali atakhala pambali akusenda lalanje. Atamva kuti alendowo ndi ndani, anaika mpeni pansi n'kuimirira.

"Mwabwera kudzaona ntchito ya manja anu?"

"Asiye akhale," anatero wodwalayo. "Anthu ayenda ulendo. Khalani, bambo, pa bedi pomwepa, koma musagwedeze, zingwezi zimandilankhula."

Dalaivala sanakhale. Anaima chipewa chili pachifuwa n'kufotokoza zonse mwadongosolo, mopanda kukometsera: za babu, za fumbi lachikasu, za geti limene analizindikira mochedwa. Fyuzi anaona kuti anthu a pa mabedi oyandikana nawo asiya kucheza.

"Ndiye ndinabwera kuti ndikufunseni," anamaliza. "Inuyo munaona chiyani?"

Wabuledi anayang'ana kudenga. "Mwafunsa munthu wolakwika. Ine ndikukumbuka ndikumanga mabokosi pa njinga kuseri kwa bekale. Chingwe china chinali chitatha, ndinati ndigula mawa. Kenako ndikukumbuka denga ili. Pakatipo palibe, achotsamo ngati tsamba la m'kope." Anapuma pang'ono. "Apolisi anabwera, ndinawauza zomwezo. Akazi angawa akuti ndizinena kuti simunayatse. Ndinene bwanji chinthu chimene sindinachione?"

Mkaziyo anayang'ana kumbali.

"Komanso ndisakunamizeni," anapitiriza wodwalayo, "ndimathamanga ine. Buledi akachedwa, amagolosale amatenga kwa ena. Malole ndawapitirira ambiri, ena akuphethira kumene. Kaya tsikulo ndinatero, kaya ayi. Inu simukudziwa, ine sindikudziwa. Ndiye kababu kanuko ndi kamene kali ndi nzeru kuposa tonse awiri?"

"Nakonso kakudziwa theka," anatero Fyuzi.

Wabuledi anayamba kuseka koma ululu unamudula, anagwira m'mphepete mwa bedi mpaka unadutsa. Mkazi wake anamupukuta pamphumi. Atatha anayang'ana dalaivala, ndipo mawu ake sanalinso aukali ngati poyamba, ngakhale sanali ofewa.

"Zimene mwanena pano, za geti, mukanenanso kupolisi? Kapena n'za m'chipatala muno?"

"Ndikanena, mayi."

Anakanenadi, Lachitatu m'mawa. Anapereka kabokosi, ndipo Fyuzi analemba zimene anaona ndi mmene anachotsera babulo. Wapolisi wofufuza anadandaula kuti akanalisiya pa lole pomwepo, komabe analitumiza kwa oyeza, ndipo iwo anapeza zomwezo. Kenako dalaivala anapempha kuti awonjezere mawu pa zimene ananena poyamba. Wapolisiyo anamuyang'ana pamwamba pa magalasi ake.

"Bambo, babuli likukuthandizani. Mukudziwa kuti zimene mukufuna kuwonjezerazi sizikuthandizani?"

"Ndikudziwa, bwana. Lembani."

Mlandu unatenga miyezi iwiri. Woweruza anati indiketa inayaka, ndipo wanjinga sanayenere kupitirira pamalo pamene pali geti, koma dalaivala, mwa mawu ake omwe, anakhota asanatsimikize kuti kumbuyo kuli bwino. Anamulanda laisensi kwa miyezi isanu ndi umodzi. Kampani sinamuchotse ntchito, inamuika m'nyumba yosungiramo katundu kuti aziyang'anira zokweza ndi kutsitsa matumba.

Mlongo wa Fyuzi anasiya kumulankhula. Akakumana pamsewu ankangoti, "Mwaswera," n'kupitirira. Kwa iye nkhani inali yachidule: babu linanena zabwino, ndipo amuna awiri anakhala pansi n'kuzisandutsa zoipa. Fyuzi sanayese kudziteteza. Masiku ena, akumanga mawaya pansi pa galimoto ya munthu, ankadzifunsa ngati sakanachita bwino kungoti "munayatsa" n'kuthera pomwepo, osavomera zoti kawaya sikanena nthawi. Koma funso lakuti babu linayaka liti silinachokere kwa iye, ndipo sankaona mmene akanaliyankhira mwina.

Tsiku lina masana, mwezi wachinayi wa chilango chija uli pakati, dalaivala analowa pagalaja atayera ndi simenti kuyambira nsidze mpaka nsapato.

"Alamu, dazi ilo mwalipaka polishi wanji lero? Ndaliona ndili pa mphambano."

"Taonani amene akuyankhula, ngati mzukwa wa m'nkhokwe. Kunyumba kuli bwanji?"

"Kuli bwino. Mlongo wanu dzulo wafunsa ngati chifuwa chanu chija chinatha. Anafunsira kukhoma, koma ine ndinamva." Anakhala pa benchi n'kuvula nsapato imodzi kuti akhutule mchenga. "Ndinali kwa wabuledi uja Lamlungu. Akuyenda tsopano, ndi ndodo ziwiri. Adokotala akuti njinga aiwale kaye chaka chino. Ndiye mng'ono wake akufuna azizungulira ndi buledi m'malo mwake, kuti magolosale asawathawe. Njinga anaiwongola, ikulira, koma magetsi onse afa. Hutala, nyale, palibe chikuyaka. Ndinawauza kuti ndili ndi mlamu."

"Ndi njinga ya mtundu wanji?"

"Yofiira."

"Ndafunsa mtundu, osati penti. Zaka zisanu ndi zinayi pamsewu!" Fyuzi anatsegula dilowa n'kuyamba kusankha timawaya, tepi ndi zolumikizira. "Muwauze atchajiretu batire. Loweruka ndimaweruka thwelofu. Mudzanditenge pano, ndipo mudzanyamule ndinu bokosi la zipangizo, msana wanga si wa simenti ngati wanuwo."